Mphindi ya dokotala si mphindi yanu: zomwe ndinaona pa ntchito yotaipa makalata achipatala ku UK

Sabata yathayi mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti anti, ndamva kuti munkagwira ntchito yotaipa zachipatala muli khale kunyumba, tandilumikizeniko nane ndatopa ndi ma shifiti ausiku ku care home, kosamalira okalamba kuja. Ndinamuyankha ndi voice note ya mphindi 11 mpaka foni kutentha m'manja, kenako ndinaona kuti bola ndingolemba kamodzi basi, poti si iye yekha wandifunsapo, ena amafunsa ali ku Lilongwe komwe.

Ine ndinabwera kuno ku England mu 2011 kutsatira bambo a kunyumba, iwo ndi nesi, anatsogola nthawi ija manesi ambiri ankachoka kumudzi. Ku Blantyre ndinali sekeletale pa kampani ina cha ku Ginnery Corner, kutaipa ndinaphunzirira pa taipulaita yeniyeni ija yolira kuti ting ukafika kumapeto kwa mzere, aphunzitsi akuzungulira ndi rula kuti usayang'ane zala. Nde zala zinali zachangu kale, mawu 65 pa mphindi osatuluka thukuta. Koma kufika kuno pepala langa lija palibe analiyang'ana kawiri, ndinayamba ndi kukolopa maofesi m'bandakucha, kenako care home zaka ziwiri ndi theka. Anandipatsa nzeru ndi mayi wina wa ku Zimbabwe amene tinkagwira limodzi, ataona mmene ndinkalembera ma notes pa kompyuta, amvekere iwe ndi zala zimenezi ukusinthiranji anthu mabedi, kapange kosi ya medical terminology. Ndinapangadi, ya AMSPAR, bungwe la masekeletale a zachipatala, madzulo ku koleji ya pafupi ndi kwathu. Si kosi yaitali koma ndi imene imakutsegula mutu kuti itis ndi kutupa, ectomy ndi kuchotsa chiwalo, nephro ndi impso, hepato ndi chiwindi, moti mawu oti sunawamvepo chibadwire umatha kuwang'amba pakati nkudziwa chimene akunena.

Kumapeto kwa 2014 ndinalowa pa bank, uwu ndi ganyu wa m'chipatala amakuitana akafuna, pa chipatala china kumpoto kwa England, ndipo mu 2015 anandilemba ntchito yokhazikika ngati audio typist, Band 2, iyi ndi giredi ya malipiro. Patapita zaka ziwiri ndinakwera Band 3.

Kwa amene simukuidziwa, ntchito yake ili chonchi. Dokotala akamuona wodwala ku kiliniki salemba yekha kalata yopita kwa GP, dokotala wa kudera wa munthuyo, amangolankhula mu kachipangizo kojambula mawu, thank you for referring this pleasant 64 year old gentleman, aliyense kwa iwo ndi pleasant olo atawatukwana, kenako mawuwo amabwera kwa ife pa kompyuta. Iwe uvale mahedifoni, pansi pa tebulo pali pedulo, ukaponda pakati mawu ayenda, ukachotsa phazi aima, ukaponda m'mbali abwerera kapena athamanga. Tsiku loyamba ndinakumbuka makina osokera a Singer a amayi anga ku Ndirande, phazi likugwira zake manja akugwira zake. Ukamaliza kalata imabwerera kwa dokotala kuti awerenge ndi kusaina. Mgwirizano wa zipatala za boma, za NHS, ku England umati kalata ya ku kiliniki izifika kwa GP pasanathe masiku 7, nde kutsogolo kwa ofesi kunali bolodi loyera pomwe bwana ankalembapo m'mawa uliwonse kuti kalata yakale kwambiri yadikira masiku angati. Likafika 12 aliyense ankangoti zii, tiyi kumwera pa desiki.

Amene anandiphunzitsa ntchito yeniyeni ndi gogo wina wachizungu amene anataipa makalata a madokotala kuyambira nthawi ya matepi, anali atatsala pang'ono kupuma. Sabata yanga yoyamba anaima kumbuyo kwanga akundiona ndikubwereza mawu amodzi kasanu ndi kawiri, dokotala wake anali akutafuna ma crisps uku akulankhula, umachita kumva phukusu phukusu m'khutu, dzina la mankhwala lamezedwa limodzi ndi mbatatesi. Ndinalemba chimene ndinaganiza kuti ndamva. Gogoyo anangotambasula dzanja nkufufuta, nkuikapo timizere tatatu ndi funso, akuti love, chimene sunamve usalembe, siya mpata, dokotala adzadzaza yekha, iye amalipidwa kuposa iwe kangapo. Kwathu timati safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo si iwe, ndi wodwala amene sakukudziwa nkomwe. Chifukwa mawu achipatala ndi achinyengo abale. Fifteen ndi fifty pakamwa pa munthu wotopa nzofanana, koma 15mg ndi 50mg si zofanana m'thupi mwa nkhalamba. Dysphagia ndi kuvutika kumeza, dysphasia ndi kuvutika kulankhula. Ileum ndi thumbo, ilium ndi fupa la m'chiuno. Hypo ndi kuchepa, hyper ndi kuchuluka, kusiyana kwake kapumidwe kamodzi.

Nanga ife ndi vuto lathu lija la l ndi r, musaseke, ndinkaganiza kuti lili pakamwa pokha koma lili ndi m'makutu momwe. Ndinadzilembera kapepala nkumata pansi pa skirini, mawu onse amene ankandipunthwitsa, ndipo BNF, buku lija la mankhwala onse a kuno, inkakhala yotsegula tsiku lonse. Chodabwitsa nchoti madokotala a ku Nigeria, ku India, ku Sudan, amene anzanga achizungu ankawadandaula, ine ndinkawamva bwinobwino moti mafayilo awo ankangondiponyera. Amene ankandiliza ine ndi bambo wina wa ku Glasgow, koma uyo nde ayi, miyezi itatu ndisanazindikire kuti akunena chingerezi.

Chinanso choti mudziwiretu, makamaka ife Amalawi poti tilipo ochepa ndipo timadziwana tonse. Tsiku lina lidzafika loti dzina la pa fayilo ndi la munthu amene munadya naye nsima pa chinkhoswe mwezi watha. Ine zinandichitikira kamodzi, ndinangoona surname ndi adiresi mtima unagunda, ndinachotsa phazi pa pedulo nthawi yomweyo nkupita kwa bwana kuti uyu ndimamudziwa mupatseni wina. Kompyuta imasunga dzina la aliyense amene watsegula fayilo ya wodwala, anthu amachotsedwa ntchito chifukwa chongosuzumira, olo fayilo ya mwana wako yemwe. Ndipo mpaka lero bambo a kunyumba sadziwa kuti anali ndani. Si zoopa lamulo lokha la Data Protection, ganizirani inuyo matenda anu atamveka ku kwaya.

Nde ndinachokeranji pa ntchito imeneyi? Covid. Mu 2020 anatipatsa malaputopu kuti tizigwirira kunyumba ndipo ine ndinakomedwa, osadzuka 5 koloko, osalipira basi, mwana ndikumuperekeza ku sukulu ndekha, nyemba zikubwata uku ndikutaipa. Mu 2021 atati tizibwerera ku ofesi masiku ambiri pa sabata mtima unakana. Ndinaona pa intaneti kampani ina yotaipira zipatala za private ndi zina za boma zikachulukidwa ntchito, ankafuna anthu odziwa kale, ugwire nthawi imene ukufuna, 60p pa mphindi iliyonse ya mawu. Ndinawerengera pa foni ndili pabedi, 60p kuchulukitsa ndi 60, ndinapeza £36 pa ola, ndinachita kuwadzutsa bambo a kunyumba kuti taonani kuno. Iwo ndi munthu wofatsa, anangofunsa kuti nanga penshoni, ine ndimvekere ndi ndalama zimenezi penshoni ndidzisungira ndekha. Ichi chakoma ichi chakoma. September 2021 ndinapereka notisi.

Apa nde pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri timagwera pomwepa. 60p ija si ya mphindi yako, ndi ya mphindi imene dokotala walankhula. Munthu amalankhula mwachangu kuposa mmene zala zingathamangire, ndiye ubwereze, ufufuze dzina la mankhwala, ukonze kalata ikhale mmene chipatalacho chimafunira, uwerengenso. Dokotala wolankhula bwino, mphindi yake imodzi imakudyera mphindi zinayi. Zimenezi ndinkazidziwa ndithu, zaka zonse zija, koma poti ku chipatala malipiro ankangolowa pa mwezi sindinaziikepo pa masamu. Nde pa ola wataipa mphindi 15 za mawu, ndi £9 imeneyo, tsiku labwino. Akakhala wolankhula ali mu galimoto, indiketa ikulira thi thi thi, kapena uja woyamba chiganizo nkuchisiya nkuti no scratch that go back to the second paragraph, mphindi imodzi imadya zisanu ndi imodzi olo kuposa. Ndipo nthawi imene iye wakhala chete akusanthula mapepala, kampani yathu inkaidula pa fayilo isanawerengere ndalama, pomwe nthawi imene ine ndakhala chete kudikira kuti ntchito ibwere pa queue palibe ankaiwerengera.

Queue imeneyo inali ngati pa mjigo nthawi ya chilimwe. Mafayilo akagwa aliyense amathamangira a madokotala omveka bwino, ochedwa atole zotsala. Ntchito yambiri inkagwa madzulo makiliniki akatseka, nde ufulu uja wogwira nthawi imene ukufuna unasanduka kukhala pa mpando kuyambira 5 madzulo mpaka 1 usiku, m'mawa kudzukanso kuona ngati kwagwa kanthu. December ndi August madokotala ali ku holide, queue mbee, iwe lendi ikudikira. Mwana uja ndinkati ndizimuona, ankandiona msana wokha ndi mahedifoni, akalankhula ine shhh.

Chinanditsegula maso ndi kope la 50p. November 2022, nthawi imene bilu ya gasi ndi magetsi inakwera aliyense akulira, ndinali nditavala majuzi awiri ndi chitenje m'miyendo kuopa kuyatsa hita masana, ndinati koma ndalama zikupita kuti. Ndinayamba kulemba nthawi imene ndakhala pa mpando ndi nthawi imene ndadzukapo, kuphatikiza yodikira ija. Kopelo ndikadali nalo. Sabata imeneyo ndinataipa mphindi 430 za mawu, ndalama yake £258. Maola amene ndinakhala pa mpando 41. Gawani nokha, ndi £6.29 pa ola, msonkho usanachoke. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma kwa munthu wamkulu anali £9.50 pa ola. Kutanthauza kuti ine ndi AMSPAR yanga, ndi zaka zanga zisanu ndi ziwiri, wodziwa kulemba choledocholithiasis osayang'ana, ndinkalandira zochepa kuposa zimene lamulo limalola kumupatsa munthu wokolopa, ntchito ndinayambira ija. Ndipo panalibe kokadandaula, chifukwa pa pepala sindinali wantchito wawo, ndinali self-employed, bizinesi payokha, lamulo la malipiro otsikitsitsa silikhudza munthu wotero. Laputopu yanga, pedulo yanga, intaneti yanga, magetsi anga. Invoisi utumize kumapeto kwa mwezi, ndalama zibwere patatha masiku 30.

Pena ndinkacheza pa Facebook ndi azimayi a ku America ogwira ntchito yomweyi, kumeneko ambiri amalipidwa pa mzere, mzere umodzi zilembo 65, masenti ochepa pa mzere, ndipo madandaulo awo anali ngati ndikudziwerenga ndekha. Ena ankati anayamba ntchitoyi ikulipira bwino moti ankalera nayo banja, kenako zipatala zinayamba kutumiza ntchito ku India ndi ku Philippines, kenako makina.

Koma tisanafike pa makina ndinene za mpata uja wa gogo. Ku kampani kuja anali ndi anthu oyang'ana ntchito yathu, amatola makalata ena nkukupatsa malikisi, osatsika 98 pa 100. Zimenezo zilibe vuto. Vuto linali loti ukasiya mipata yopitirira iwiri pa kalata imodzi, fayilo inkapita kwa iwo kuti amalize ndipo iwe ankakudula ndalama ya fayiloyo. Mukuona mmene zimamukankhira munthu? Ukanena zoona kuti sindinamve, ulipira. Ukangoganizira nkulemba, mwina palibe adzaone. Ine ndinagwa kamodzi ndipo sindibisa. Inali cha m'ma 1 usiku, kalata ya mayi wa vuto la chithokomiro, mipata iwiri ndinali nditasiya kale, dokotala anayasamula pakati pa mawu ndipo sindinamve ngati ndi hypothyroidism kapena hyperthyroidism. Ndikanakhala ndi mutu wabwino ndikanayang'ana mankhwala ake, munthu amene akumwa levothyroxine chithokomiro chake chikugwira mochepa, carbimazole ndi wa chogwira mopyola, zimenezi ndinkazidziwa. Koma maso anali akuyabwa, ndinangosankha imodzi nkutumiza. Inali yolakwika. Mwamwayi dokotalayo anali mmodzi wa owerenga asanasaine, poti ena amangodina approve makalata 40 nthawi imodzi, anaibweza ndi mawu okalipa. Anandidula ndalama, malikisi anatsika, mwezi wonse kalata yanga iliyonse inkayang'anidwa. Koma chimene chinandisowetsa tulo si chimenecho, ndinkangomuona gogo uja ataima kumbuyo kwanga, ndinagulitsa chiphunzitso chake ndi ndalama yosakwana £2.

Kumayambiriro kwa 2023 kunabwera imelo yokoma mawu, akuti tikubweretserani chida chokuthandizani. Makina omva mawu nkulemba okha. Zinthu zimenezi sizinayambe lero, Dragon yakhalapo kuyambira m'ma 1990, ndipo kampani yake Nuance inagulidwa ndi Microsoft mu 2022 pa mtengo wa pafupifupi madola 20 biliyoni, nde mutha kuona kumene ndalama za ntchito imeneyi zikulowera, si ku zala zathu ayi. Kampani yathu inabweretsa makina akeake, ife tinasiya kukhala otaipa nkukhala okonza, kalata imabwera yolembedwa kale iwe uzimvetsera uku ukukonza. Akuti poti ntchito yachepa ndi theka, mtengo ukhala 35p pa mphindi. Theka lake liti? Kwa dokotala wolankhula bwino inde makina amayesetsa, sindinganame. Koma kwa bambo a ma crisps aja, kapena aliyense wa kalankhulidwe kachilendo, zinkatuluka zinthu zoti kufufuta zonse nkuyambiranso kunali kwachangu kuposa kukonza, pa mtengo wa 35p womwewo.

Ndipo kukonza nkotopetsa mwa mtundu wina. Ukamataipa wekha mawu aliwonse amadutsa mwa iwe. Ukamawerenga zolemba makina maso amatsetsereka, chiganizo chikuoneka chaukhondo, sipelo yolondola, nde ubongo umangovomera. Makina sasiya mpata, sanena kuti sindinamve, amalemba molimba mtima ngati mboni yabodza. Kamawu kakang'ono ngati no akakameza, no evidence of malignancy isanduka evidence of malignancy, munthu wopanda khansa wapatsidwa khansa pa pepala. Tsiku lina pa kalata ya ku rheumatology, kwa odwala nyamakazi, panalembedwa methotrexate 15mg daily. Ndinadutsapo, kenako china chake chinandikoka, ndinabwerera. Mankhwala amenewa kwa anthu a nyamakazi amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, kumwa tsiku lililonse anthu anafapo nawo, aliyense amene anataipapo ku dipatimenti imeneyo amadziwa. Ndinabwereza mawu katatu, dokotala ananena weekly koma chitseko chinamenyeka nthawi yomweyo. Ndinakonza, ndinaikanso chizindikiro kuti aonetsetse. Zonsezi zinanditengera mwina mphindi 6, fayilo yake inali ya mphindi ziwiri, 70p. Palibe anati zikomo ndipo sindinkayembekezera, ndikungofuna muone kuti chimene amalipira ndi chimene ntchitoyo ili ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kenako dzanja. Linayamba ndi dzanzi usiku, chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ndinkadzuka 3 koloko nkumaligwedeza ngati ndagwira mphika wotentha. Kenako kugwetsa makapu, kulephera kumanga mabatani a yunifolomu ya mwana, nsima kuitembenuza ndi dzanja lamanzere. Chomvetsa chisoni nchoti dzina la matendawo ndinkalidziwa kale, carpal tunnel syndrome, ndinalitaipa kambirimbiri pa makalata a anthu ena, mtsempha wa median ukupanikizika polumikizira dzanja ndi mkono. GP anandipatsa sipulinti yovala usiku nkuti mupumitse dzanjalo masabata angapo, pambuyo pake ndinabayitsa jakisoni wa steroid. Kupumitsa bwanji? Munthu wa self-employed alibe sick pay, tsiku limene sunaponde pedulo ndi ziro. Pamene ndinakhala pansi nkukumbuka zimene ndinasiya. Ku NHS ukakwanitsa zaka zisanu ukadwala umalandira malipiro onse miyezi 6, kenako theka miyezi ina 6. Holide ndinali nditafika masiku 29 pa chaka osawerengera ma bank holiday. Maola 37.5 pa sabata, ikakwana nthawi uvule mahedifoni uzipita. Mpando ankabwera kudzauyeza ngati ukukukwana, maso ankalipira kukayezetsa chifukwa lamulo la ogwira ntchito pa skirini limatero. Kunyumba ndinkataipira pa tebulo lodyera, mpando wa matabwa ndi pilo. Ndipo nthawi yomweyo ndi imene namondwe Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe, March 2023, achimwene anga anataya zonse, foni ikungolira kuti achemwali tithandizeni, iwo akudziwa kuti ndili ku UK ndimagwira za pa kompyuta, ine ndili ndi dzanja limodzi.

Za msonkho ndingonena mwachidule poti nanenso zinandipweteka. Palibe amakudulira, ndi iwe wekha kulembetsa ku HMRC, bungwe la msonkho, kudzaza self assessment, kulipira pofika 31 January, ukachedwa kutumiza fomu chindapusa chimayambira £100. Chaka choyamba sindinasunge kalikonse, bilu inandipeza January ndalama zitapita ndi Khirisimasi ndi feteleza wa kumudzi. Ikapitirira £1,000 amafunanso theka la chaka chotsatira pasadakhale. Tsegulani akaunti ina, invoisi iliyonse ikalowa muzipatulako nthawi yomweyo, ndipo malisiti a pedulo, mahedifoni, gawo la intaneti muzisunga chifukwa amachotsera. Komanso yang'anani visa yanu musanasaine chilichonse. Amene muli pa student visa simuloledwa kukhala self-employed, olo maola ake akhale ochepa bwanji, ndipo amene visa yanu ili pa dzina la bwana amene anakubweretsani ntchito yapambali ili ndi malamulo ake, funsani odziwa. Musaike mapepala anu pachiswe chifukwa cha 35p.

Abale amene muli kumudzi, ndikudziwa kuti £6 pa ola mukaisintha mu kwacha ikuoneka ngati chuma, makamaka chigwereni ndalama yathu mu November 2023. Koma makampani amene ndinagwirako kapena kufunsirako ine ankafuna munthu wokhala ku UK konkuno, ndi DBS, pepala losonyeza ngati unapalamulapo mlandu, chifukwa nkhani za odwala saloleza kuti zizingotuluka m'dziko mwachisawawa, zikamapita kunja zimapita kudzera ku makampani akuluakulu okhala ndi mgwirizano, osati kwa munthu payekha ali ndi laputopu ku Area 25. Nde wina akakuuzani pa Facebook kuti tumizani ndalama ya training kapena ya software tikupatsani madokotala a ku London, ameneyo ndi wakuba basi. Ntchito yeniyeni imayamba ndi mayeso otaipa aulere. Ndipo olo itapezeka, muwerengere bandulo ndi kuthima kwa magetsi, fayilo yoti ibwezedwe pasanathe maola 24 sidikira kuti magetsi ayake.

Kwa mtsikana wanga uja ndi ena muli kuno, sindikuti ntchitoyi ndi yoipa. Ine ndimaikonda mpaka pano, pali kukoma kwake kalata ikatuluka yoyera, ndipo thupi silisweka ngati kunyamula anthu. Koma lowerani khomo la chipatala, osati la kunyumba. Pangani medical terminology, lembetsani pa bank, yang'anani pa NHS Jobs ma post a clinical typist kapena support medical secretary, mukalowa lowaninso union, ine ndili mu UNISON. Ndipo musangodalira zala, phunzirani zonse za mu ofesi, kukonza makiliniki, kutsata odwala pa mndandanda wodikira chithandizo wa masabata 18, kuyankha foni ya munthu amene akulira kuti zotsatira zake zili kuti, chifukwa kutaipa kokhako kukuchepa chaka ndi chaka, madokotala achinyamata ambiri akumalankhula ndi kompyuta okha kalata nkutuluka pomwepo. Ngati mwaumirira za kunyumba, chabwino, koma musasiye kaye ntchito muli nayoyo, yesani madzulo mwezi umodzi ndi kope pambali, ndipo muwafunse a kampaniyo musanayambe kuti mphindi yake ndi ya ndani, mipata amadula ndalama kapena ayi, ntchito ikasowa pa queue zimatha bwanji, mtengo wokonza za makina ndi zingati.

Ine ndinabwerera mu February 2024, chipatala china, Band 3 yomwe ndinaisiya ija, anzanga amene ndinawasiya ena ali Band 4 pano. Tsiku losaina mapepala mayi wa ku HR anandiuza kuti zaka zanga zakale aziwerengera pa holide, masiku 29 abwerera, koma pa sick pay ayi, chifukwa ndinakhala kunja kupitirira miyezi 12, ndiyambirenso pansi ngati mwana watsopano. Ndinangoti chabwino mayi, ndisaine pati. Sipulinti ndimavalabe usiku kukazizira. Pedulo yanga ija ndinaiika pa Facebook Marketplace £15, inakhala miyezi iwiri osafunsidwa, mpaka anadzaigula mnyamata wina amene ankati akufuna aziimbira gitala.